Phunziro la Mwezi Uno: Kusamala Nsapato za Pantchito

Kuwerenga Mawu: Yohane 13:1-17 ndi Deuteronomo 29:2-6.

Zobweretsa kumsonkhano: gambuti imodzi, nsapato imodzi yachikopa, ndowa ya madzi, sopo, burashi yakutha, chitsononkho ndi kansanza.

Mawu oyamba

Ndikudziwa kuti ena mwaseka poona mutu wa phunziro lino, ndipo mumtima mukuti, "Kodi za nsapato nazonso n'zokaphunzira kutchalitchi?" Dekhani pang'ono, timvane.

Kwathu kuno chakudya chimabwera m'nyumba ndi mapazi. Wopita kudimba, wotsikira kumtsinje, wokwera phiri ndi thumba la feteleza pamutu, woswa miyala, womanga nyumba za anthu ku Mponela ndi ku Madisi, mnyamata amene adapeza ganyu pa ntchito yokonza msewu wa M1, onsewa amadalira mapazi awiri okha. Phazi limodzi likadwala, khasu limagona, ndipo poto nayenso amagona.

Ambiri a ife tidayesetsa kugula magambuti kapena jombo za pantchito, mwina titagulitsa soya kapena mbuzi. Koma kugula ndi kuyamba chabe. Nsapato ndi mpanda wa phazi. Mpanda ukasiyidwa osausamala umagwa, ndipo nthawi zina umasanduka pobisalira mdani amene umayenera kumutchinga. Phunziro lathu lagona pamenepa.

1. Zimene ndidaona ndili namwino

Chaka china, m'mwezi wa February, kuchipatala kumene ndinkagwira ntchito kudabwera bambo wina atanyamulidwa pangolo. Adali mlimi wa fodya wochokera kumapiri kuno, munthu wamphamvu zake, wa zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo. Phazi lake lamanzere lidali lotupa, lakuda, ndipo fungo lidafika m'chipinda iye asanalowe. Titamufunsa chidamulasa, adati sakudziwa. Sadamve kuwawa kulikonse.

Mkazi wake adali atanyamula nsapato za bamboyo m'jumbo. Zidali jombo zachikopa, zopukutidwa bwino, zonyezimira. Ndidapisa dzanja m'kati mwa jombo yamanzere, ndipo chinthu chidandibaya chala. Kadali kamsomali kamene kadaboola kunsi kwa nsapato n'kutulukira m'kati. Bamboyo adakhala akukaponda masabata angapo. Titamuyeza magazi tidapeza kuti adali ndi matenda a shuga amene iye samawadziwa, ndipo matendawa adali atapha kale mitsempha yomvera kuwawa kumapazi.

Madokotala adayesetsa, koma mwendo udadulidwa m'munsi mwa bondo. Fodya wa chaka chimenecho adaonongekera m'munda, ndipo mwana wawo wamkazi adasiyira sukulu panjira.

Mawu amene mayi uja adandiuza pakhonde la chipatala sindidawaiwale. Adati, "Amayi anesi, nsapatozi ndimazipukuta tsiku lililonse. Kungoti sindidapisemo dzanja."

Mayiyu sadali waulesi ayi. Adali mayi waukhondo ngati inu ndi ine. Palibe adamuuza kuti kusamala nsapato kumayambira m'kati. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

2. Kodi nsapato yabwino imatchinga chiyani?

Tiyeni tiwerenge adani amene amalowera kuphazi.

Woyamba ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa pabala lakuya monga la msomali, munga kapena khasu. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada zimauma, khosi ndi msana zimalimba. Amayi ambiri tidalandira katemera wa kafumbata kusikelo tili oyembekezera, koma abambo ambiri sadalandirenso chichokere ku ubwana, ngati adalandira n'komwe.

Wachiwiri ndi njoka zam'mimba za mtundu umene umalowera pakhungu. Ana a njokazi amakhala m'dothi lonyowa kumene anthu adachita chimbudzi. Amaboola khungu la phazi, amayenda m'magazi, n'kukakhazikika m'matumbo kumene amayamwa magazi. Mayi woyembekezera kapena mwana amene ali ndi njokazi amachepa magazi, amafooka, ndipo m'maso mumayera.

Wachitatu ndi matekenya, amene amakonda fumbi la m'chilimwe, makamaka pafupi ndi makola a nkhumba.

Wachinayi ndi njoka zoluma. Anthu ambiri amalumidwa kuphazi kapena kumsongolo, akuyenda m'udzu kapena akukolola. Mphiri sithawa munthu akamabwera, imangogona chete panjira. Mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa ofunika kuwalabadira. Gambuti yolimba siteteza kotheratu, koma imachepetsa ngozi kwambiri.

Pomaliza pali mankhwala opopera mbewu, simenti yonyowa, ndi zinthu zolemera zogwera pazala.

Tsono taonani: gambuti yong'ambika imalowetsa madzi a ndowe n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse. Jombo yosauma imafewetsa khungu mpaka pakati pa zala pang'ambika, ndipo pamenepo tizilombo tapeza khomo. Nsapato yosasamalidwa ikhoza kupweteka munthu kuposa kuyenda chopanda nsapato.

3. Kutsuka magambuti

Walira mvula walira matope. Kuyambira December mpaka April dothi lathu la katondo limamata ngati phala, ndipo magambuti sapuma. Nayi ndondomeko yake, ya tsiku lililonse pobwera kuntchito:

(a) Palani matope asanaume. Chitsononkho chimagwira bwino ntchitoyi. Ndi kamtengo, chotsani timiyala ndi matope m'mizere ya kunsi. Mizere imeneyi ndi imene imagwira pansi, ndipo ikadzaza, munthu amaterereka potsetsereka ali ndi katundu pamutu.

(b) Tsukani kunja ndi madzi a sopo ndi burashi, kenaka tsukuluzani. Musagwiritse ntchito parafini, petulo kapena dizilo, chifukwa zimafewetsa ndi kuononga mphira.

(c) Kamodzi pasabata tsukaninso m'kati. Thirani madzi a sopo, khutchumulani, tayani, tsukuluzani kawiri.

(d) Khomani timitengo tiwiri pamthunzi, podutsa mphepo, ndipo vindikirani magambuti pamenepo, kukamwa kutaloza pansi. Madzi amakha, mpweya umalowa, ndipo zinkhanira ndi achule sapeza pogona.

(e) Musaanike padzuwa lamphamvu tsiku lonse, kapena padenga la malata, kapena pafupi ndi moto. Dzuwa ndi kutentha zimaumitsa mphira, ndipo imayamba ming'alu popindikira phazi.

Kuti mudziwe ngati gambuti yabooka, iumitseni kunja, thirani madzi m'kati mpaka pafupi kudzaza, ndipo onani podontha. Kabowo kakang'ono kakhoza kumatidwa ndi chigamba cha chubu kwa okonza njinga, ndipo gambutiyo ipitiriza ntchito ya m'matope ndi m'dimba. Koma gambuti yachigamba isagwirenso ntchito yopopera mankhwala.

4. Kusamala jombo zachikopa

Chikopa chidali khungu la nyama, ndipo chimafuna zimene khungu lathu limafuna: kuchotsedwa litsiro, kuuma pang'onopang'ono, ndi kudzozedwa.

Pano ndiulule tchimo langa. Nditangokwatiwa kumene, bambo a kunyumba adabwera usiku wina jombo zawo zitanyowa. Pofuna kuwasangalatsa ndidaziika pamafuwa kuti m'mawa azipeze zouma. Zidaumadi, koma zidauma gwa ngati chikopa cha ng'oma, zidakwinyika, ndipo kunsi kudayamba kumatuka. Adazivala mwakachetechete, n'kubwerako ndi matuza. Jombo zimene zikadatha zaka zidatha nyengo imodzi.

Choncho chitani motere. Masulani zingwe, tulutsani kansalu kopondapo ka m'kati ngati kamachoka, ndipo kaanikeni padera. Chotsani dothi ndi burashi youma. Pukutani ndi kansanza konyowa pang'ono, ndi sopo wochepa ngati litsiro lakanirira. Musamize jombo yachikopa m'beseni. Ikanyowa ndi mvula, ikanimo mapepala ouma opindapinda, muwasinthe akanyowa, ndipo isiyeni pamthunzi. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta mapiri a Ntchisi, kuuma kumachedwa ndipo chikopa chimachita chuku msanga. Pirirani ndithu, musathamangire kumoto.

Ikauma, pakani polishi, makamaka m'misoko ndi mopindikira. Polishi si wongokongoletsa ayi. Amatseka timabowo kuti madzi asalowe, ndipo amafewetsa chikopa. Polishi akasowa, mafuta odzola a Vaseline ochepa chabe amathandiza. Mafuta ophikira amanunkha ndipo amaitana makoswe ndi nyerere. Oyilo wakutha wa galimoto kapena wa pachigayo ndi woipa kuchikopa ndi kukhungu lomwe.

Amene amuna kapena ana awo ndi omanga nyumba amvetsetse ichi. Simenti imayamwa mafuta a m'chikopa, ndipo simenti yonyowa ikalowa m'nsapato imawotcha khungu mwakachetechete. Munthu amadzazindikira madzulo atavula, chilonda chitachitika kale. Ikalowa, avule nthawi yomweyo, atsuke phazi ndi madzi ambiri, ndipo asavalenso nsapatoyo kapena sokosiyo isanatsukidwe. Wosakaniza konkire avale magambuti, osati jombo zachikopa. Chimodzimodzinso mkodzo wa ng'ombe ndi feteleza: zimadya chikopa ndi ulusi wa m'misoko ngati zisiyidwa kugona pansapato.

Jombo zina zili ndi chitsulo kutsogolo chotchinga zala. Zopangidwa motsata muyezo zimapirira chinthu cholemera pafupifupi makilogalamu 20 chogwa kuchokera pamtunda wa mita imodzi. Kumbukirani kuti thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Chitsulocho chikaphwanyidwa kamodzi n'kupindika, chatha ntchito, ngakhale chikopa chikuoneka chabwino. Musachiwongole ndi nyundo. Chikhoza kudula zala tsiku limene mwala wina udzagwe.

Ndipo lamulo lalikulu, la nsapato za mtundu uliwonse, ndi ili: m'mawa uliwonse, gwedezani nsapato mozondotsa ndi kuigogoda pansi kuti chobisala chigwe, yang'anani m'kati, kenaka pisani dzanja mpaka kuzala. Fufuzani msomali, munga, kamwala, kapena msoko wotukuka.

5. Nsapato zopoperera mankhwala

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, chifukwa likukhudza ana.

Kale mankhwala ophera tizilombo tinkawaona makamaka kunazale ndi kumunda wa fodya. Chifikireni mbozi zoononga chimanga zija m'dziko muno, m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, mabanja ambiri amapopera, ndipo m'madimba a tomato ndi kabichi amayi ambiri timapopera tokha. Ambiri mwa mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, osati pakamwa pokha. Wopopera amayenda m'mizere imene wangopopera kumene, ndiye kuti mapazi ndi miyendo ndizo zimanyowa kwambiri.

Chikopa ndi nsalu zimamwa mankhwala, ndipo akalowa satulukanso ngakhale mutachapa chotani. Tsiku lililonse munthu akavala, thukuta limawasungunula n'kuwabwezera pakhungu. Choncho popopera pamafunika magambuti osabooka basi. Miyendo ya buluku ikhale kunja, kuphimba gambuti. Mukaipisira m'kati, mankhwala oyenderera pabuluku amatsikira m'gambuti ngati m'fanulo.

Mukatha kupopera, tsukani magambuti musanavule, magolovesi akadali m'manja, komweko kumunda. Madzi otsukirawo atayidwe m'kadzenje kutali ndi chitsime, mjigo, mtsinje ndi poseweretsa ana. Musatsukire pamjigo pamene anzathu amatunga madzi akumwa, kapena mumtsinje umene akumunsi amamwa. Ndowa, burashi ndi kansanza za ntchitoyi zikhale zakezake, zisalowe kukhitchini.

Magambuti amenewa asalowe m'nyumba yogona, asakhale pafupi ndi ufa, ndipo akolekedwe pamwamba. Tonse tikudziwa mmene mwana wa zaka zitatu amakondera kulowetsa timiyendo take m'nsapato za bambo ake n'kumayenda monyada pabwalo, ife tikuseka. Ngati nsapatozo zachokera kopopera, si zoseketsa. Khungu la mwana ndi lopyapyala, thupi lake ndi laling'ono, ndipo zala zimene wagwirira nsapato zimathera m'kamwa.

Munthu akayamba mutu, chizungulire, kusanza, kutuluka thukuta ndi malovu ambiri, kapena kubanika atagwira mankhwala, muvuleni zovala ndi nsapato, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo. Musamusanzitse, ndipo musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka.

6. Nsapato zimanyamula matenda

Nsapato imayenda ndi zimene yaponda. Chigodola cha nkhumba ndi chitopa cha nkhuku zimatha kuchoka khola lina kupita lina pansi pa nsapato za munthu. Wogula nkhumba amene wazungulira makola asanu m'mawa umodzi asalowe m'khola lanu ndi nsapato zake; aonere panja. Ngati n'kotheka, magambuti a m'khola akhale a m'khola basi.

Tikumbukirenso mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 adadwala m'dziko muno, ndipo oposa 1,700 adamwalira. Amene mudadikirira odwala mudaona kuti pakhomo la malo ochiritsira kolera pamakhala mankhwala a klorini opondamo kapena opopera kunsi kwa nsapato. Ife amayi a mpingo ndife timayendera odwala, timachapa zofunda zawo, timakonza pamaliro. Tikabwera kumalo otere, nsapato zitsale panja mpaka zitatsukidwa.

Kutsuka kwake n'kotere: yambani mwachotsa dothi lonse ndi sopo, chifukwa klorini amatha mphamvu akakumana ndi matope kapena ndowe. Ngati alangizi a zaumoyo akupatsani klorini wosungunula kale wa 1 peresenti, sakanizani kapu imodzi ndi makapu anayi a madzi. Afunseni kaye kuti akutsimikizireni mphamvu ya amene akupatsaniyo. Pakani pagambuti, dikirani mphindi khumi, tsukuluzani. Osakaniza kale asagone mpaka mawa. Klorini amaononga chikopa, choncho pantchito zotere valani magambuti kapena nsapato zapulasitiki.

7. Mapazi ndi masokosi

Nsapato yoyera pa phazi lakuda ndi ntchito yosatha. Madzulo aliwonse mapazi asambitsidwe ndi sopo, ndipo apukutidwe bwino pakati pa zala. Kuchidendene kukachita ming'alu, dzolani mafuta, koma pakati pa zala pakhale pouma. Zikhadabo ziwengedwe mowongoka, osalowerera m'mbali.

Gambuti situlutsa thukuta, choncho imafuna sokosi. Mapeyala awiri ndi okwanira: ina kumapazi, ina pachingwe. Anthu ena amakulunga mapazi m'majumbo kuti asanyowe m'gambuti yobooka. Jumbo imasunga thukuta, khungu limayera n'kufewa ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo limasupuka.

Kubwerekana nsapato n'kovuta kuletsa m'mabanja mwathu, pamene gambuti imodzi imavalidwa ndi bambo m'mawa, mayi masana, mnyamata madzulo. Koma dziwani kuti zilonda zoyabwa za pakati pa zala zimapatsirana motero. Ngati kubwerekana sikungalephereke, aliyense akhale ndi masokosi ake, ndipo gambuti itsukidwe m'kati kawirikawiri.

Amene ali ndi matenda a shuga, kapena amene mapazi awo amachita dzanzi, ayang'ane mapazi tsiku lililonse, pansi pomwe. Ngati maso kapena msana sizilola, wina wa m'banja awayang'anire. Kachilonda kakang'ono, thuza, kapena malo ofiira otentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo aliyense wobayidwa ndi msomali kapena munga mozama atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyera, asapakepo dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo akafunse za katemera wa kafumbata.

8. Kukonzetsa, kugula ndi kusiya

Msoko ukayamba kumasuka, pitani nayo kwa wosoka nsapato sabata yomweyo. Kusoka malo ochepa ndi ndalama yochepa; mukadikira kuti nsapato iyasame, mudzagula ina. Muuzeni wosokayo kuti asakhome misomali yotulukira m'kati, ndipo pisani dzanja musanalipire.

Pogula, kaya m'sitolo kaya pa kaunjika tsiku la msika ku Mponela, ku Malomo kapena ku Nambuma, yesani nsapato zonse ziwiri mutavala sokosi. Masana ndi abwino kuposa m'mawa chifukwa mapazi amakhala atafufuma pang'ono. Pindani kunsi kwake muone ngati kukusweka, pakuti jombo zina zimene zidakhalitsa m'belo zimaoneka zatsopano koma kunsi kumanyenyeka patangotha masiku ochepa. Za pa kaunjika zipukutidwe m'kati ndi kuuma bwino zisanavalidwe.

Nsapato yafika posiyidwa ngati kunsi kwasalala kapena kwabooka, ngati chitsulo chapindika kapena chikuonekera, kapena ngati yachikopa yamwa mankhwala. Yomwa mankhwalayo musapatse wosauka poganiza kuti mukumuchitira chifundo. Iduleni kuti wina asaitole, ndipo ikwirireni kutali ndi madzi.

Kwa amene ali pantchito yolembedwa, dziwani kuti mu 1997 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito, limene lidaika pa olemba ntchito udindo wopereka zovala zodzitetezera kwa ogwira ntchito zoopsa. Mwana wanu akapempha jombo kuntchito sakupempha mphatso. Akamukaniza, ku ofesi ya zantchito ya paboma angamuthandize. Koma akapatsidwa, azivale ndi kuzisamala. Ndaonapo anyamata akugulitsa jombo zatsopano kapena kuzisungira kokayenda Lamulungu, kuntchito n'kumapita ndi patapata. Ndiponso ife amene timalemba aganyu kuti atipoperere m'dimba, tidzifunse: kodi timawabwereka magambuti, kapena timangoyang'ana kumbali akamalowa m'mizere chopanda nsapato?

9. Kodi ntchitoyi ndi ya yani?

Wina anena kuti, "Amayi, mwationjezera katundu wina pamutu." Ayi. Sindikunena kuti mayi akhale kapolo wa nsapato za m'nyumba monse. Wovala nsapato ndiye woyamba kuisamala. Bambo atsuke magambuti ake komweko kumunda. Mnyamata aphunzire kupaka polishi monga mlongo wake amaphunzirira kutsuka mbale. Makamaka nsapato zopoperera mankhwala zisaperekedwe kwa mwana kapena kwa mayi woyembekezera kuti atsuke. Ntchito yathu ndi kudziwa, kuphunzitsa, kukumbutsa mwaulemu, ndi kuchitira amene sangathe: okalamba, odwala ndi osaona bwino.

M'buku la Deuteronomo, Mose akukumbutsa Aisraele za zaka 40 za m'chipululu. Pofuna kuwaonetsa chisamaliro cha Mulungu, akutchula zinthu wamba: zovala zimene sizidathe, ndi nsapato zimene sizidang'ambike kumapazi awo. Ngati Mulungu wa kumwamba adasamala za nsapato za anthu ake paulendo, ife tingazione bwanji ngati nkhani yaing'ono?

Mu Yohane 13 tikuona Ambuye Yesu usiku uja asanaperekedwe. Adanyamuka pachakudya, adadzimanga nsalu m'chiuno, adathira madzi m'beseni, nasambitsa mapazi a ophunzira ake. Sadali mapazi osambitsidwa kale monga timachitira ife pokonzekera mapemphero a Lachinayi Loyera. Adali mapazi a anthu oyenda m'fumbi. Petro adachita manyazi ndipo adakana, koma Ambuye adamuonetsa kuti chikondi chimawerama mpaka pansi. Onaninso kuti amene adagwira beseni adali mwamuna, ndiponso Mphunzitsi. Abambo athu akamve zimenezi kuchokera kwa ife, mofatsa.

Mary Sumner atasonkhanitsa amayi a m'parishi yake ku England mu 1876, cholinga chake chidali choti amayi azithandizana kulera mabanja m'chikhristu. Banja limalimba ndi pemphero, komanso ndi tinthu tating'onoting'ono tochitidwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku. Mphindi zochepa zotsuka gambuti madzulo, ndi dzanja limodzi lopisidwa m'nsapato m'mawa, zikadasunga mwendo wa bambo uja ndi sukulu ya mwana wake.

Zochita pamsonkhano

Mtsogoleri asankhe amayi awiri. Mmodzi aonetse kutsuka ndi kuyanika gambuti, wina aonetse kupukuta ndi kupaka nsapato yachikopa. Kenaka aliyense avule nsapato yake, aigwedeze, ayang'anemo ndi kupisamo dzanja.

Mafunso okambirana

1. Kodi magambuti opoperera mankhwala amagona pati kunyumba kwanu? Nanga amatsukidwira kuti?

2. Ndani amatsuka nsapato za pantchito m'banja mwanu? Tingalankhule bwanji ndi abambo ndi anyamata popanda kuyambitsa mkangano?

3. Kodi mumpingo mwathu muli okalamba kapena odwala shuga amene alibe wowayang'ana mapazi? Ndani awayendere mwezi uno?

4. Mutu umodzi susenza denga. Kodi gulu lathu lingasonkherane bwanji, mwina kudzera ku banki m'khonde, kuti mayi aliyense wopopera m'dimba akhale ndi magambuti ake mvula isanagwe?

Pemphero

Mulungu Atate athu, amene mudasunga mapazi a anthu anu m'chipululu, tikuyamikani chifukwa cha mphamvu zogwirira ntchito. Tetezani onse olima, omanga, oswa miyala, oweta ziweto ndi otumikira odwala m'mapiri ndi m'zigwa za kwathu kuno. Tipatseni mtima wosanyoza ntchito zazing'ono, maso oona ngozi isanafike, ndi kudzichepetsa kwa Mwana wanu amene adawerama kusambitsa mapazi a abwenzi ake. Chiritsani amene adapweteka pantchito, ndipo tonthozani mabanja awo. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.